Mwala wa Tifika Ulandira Chiphaso

Dziko la Zilibwino musavutike kulifuna pa mapu. Anthu amene anatumidwa kukalijambula anabwerera panjira chifukwa galimoto yawo inafera pamlatho, ndipo ikadali pomwepo mpaka lero, mbuzi zimausamo mvula. Koma dzikolo liliko ndithu, ndipo mfumu yake panthawi ya nkhani yathuyi inali Ndilipobe Wachinayi, munthu wamtima wabwino kwa aliyense amene sanamutsutsepo.

Chaka china mfumuyi inapita kutsidya la nyanja kukapuma, pakuti inali itatopa ndi kulamulira. Kumeneko eni dziko anaitengera ku chinyumba chamagalasi chodzaza ndi galimoto zakale zonyezimira. Anthu ankazungulira galimotozo atavula zipewa, akunong'onezana ngati ali pamaliro a munthu wolemera. Mfumu inafunsa ngati galimotozo zimayenda. Anaiyankha kuti zambiri siziyenda, ndipo ulemu wake wagona pomwepo, chifukwa zimenezo si ziphakasa ayi, ndi zamakedzana.

Mawuwo anailowa mfumu mpaka m'mafupa. Itangobwerera kwawo inayamba kuona zinthu zimene kale inkangozidutsa. Kuseri kwa ofesi iliyonse ya boma kunali galimoto itakhala pa njerwa. Pachipatala chachikulu panali maambulansi asanu ndi awiri, onse opanda matayala, nkhuku zikuikiramo mazira. Kupolisi kunali lole imene mtengo wa papaya unamerera pambali pa injini yake mpaka kubereka. Mmawa mwake mfumu inaitanitsa nduna zonse ku nyumba yachifumu, imene ili pamwamba pa phiri la Khomolamawa.

"Anthu inu mwakhala mukundibisira chuma," inatero mfumu. "Anzathu kunja kuja ali ndi galimoto zosayenda makumi anayi basi, koma atchuka nazo dziko lonse lapansi. Ife tili nazo zingati?"

Nduna zinayang'anizana, pakuti funso ngati limeneli m'mbuyomu linkachotsetsa anthu ntchito. Koma nduna ya zamtengatenga, a Mphwayi, anali munthu wodziwa kununkhiza kumene mphepo ikuchokera. Anaimirira msanga n'kumanga batani la jekete.

"Mfumu yanga, chikhalireni pa mpando umenewu, ine sindinakonzetsepo galimoto ya boma ngakhale imodzi. Adani anga ankati ndi ulesi. Lero zaonekera poyera kuti ndinkasunga chuma cha makolo."

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhato kuwawa. Nduna ya zaumoyo inapempha kuti alembi alembe bwinobwino kuti maambulansi ake ndiwo anayamba kuima galimoto zina zonse zisanaime.

Dzuwa lisanapendeke lamulo linali litatuluka, ndipo linkawerengedwa pa wailesi katatu pa tsiku, akangomaliza mauthenga a maliro. Galimoto iliyonse imene yakwanitsa zaka makumi atatu ndi Galimoto Yamakedzana. Ilembedwe m'kaundula, iyesedwe ndi akatswiri, kenaka ikaimikidwe pabwalo la nyumba yachifumu kuti alendo aziiona. Isanyamulenso munthu, mbuzi kapena thumba la chimanga, kuopa kuitopetsa. Chamakedzana chenicheni ndi chokhacho chimene chakhala ndi galimotoyo kuyambira tsiku loyamba, ndipo aliyense womangirira chitsulo chatsopano pa chuma cha makolo akayankha mlandu. Mwini galimoto adzalandira chiphaso cha chidindo chofiira, komanso mpando pafupi ndi mfumu pa tsiku la perete.

Mpandowo ndi umene unasokoneza mitu ya akuluakulu. Ku Zilibwino ulemu wa munthu amauyesa ndi mapazi, kuchokera pa mpando wake kukafika pa mpando wa mfumu. Tsono nduna zimene zinali ndi galimoto zatsopano zinagwira njakata. Sabata yomweyo amakaniko a mumzinda anapeza ntchito imene sanaiphunzirepo, yokalambitsa galimoto. Ankazimenya ndi hamala, kuzithira madzi amchere kuti zichite dzimbiri, kung'amba mipando, ndi kugonekamo nkhuku masiku atatu kuti fungo likhale la makolo. A Mphwayi anabweza yawo kawiri ku galaja, akudandaula kuti ikulirabe munthu akangopotokola kiyi.

Kumsika wa Tapirira anthu analandira lamuloli monga amalandirira malamulo onse, atakhala pansi.

"Ndiye kuti amuna anga aja nawonso ndi amakedzana," anatero mayi wina wogulitsa usipa. "Zaka makumi atatu ali khale pakhonde, sayenda, sanyamula kanthu. Abwere adzawatenge, chiphasocho ndisunga ndine."

"Nanga msewu wathuwu?" anayankha wogulitsa makala. "Maenje akewa ndinawapeza ndili mwana. Aliyense asaukhudze, ndi wa makolo."

Msika wonse unaseka, kupatula munthu mmodzi. Ameneyo anali Nangondo, mayi wamasiye wa zaka zopitirira makumi asanu, mwini wake komanso woyendetsa wa pikapu yotchedwa Tifika. Dzinalo linalembedwa ndi penti pamwamba pa galasi lakutsogolo. Tifika ndiyo inali galimoto yokhayo yokwera ku Kusafikika, mudzi wa kuseri kwa mapiri kumene ngakhale abulu amayamba aima n'kuganiza asanayambe ulendo. Tomato wa kumeneko ankafika kumsika pa Tifika. Amayi oyembekezera ankafika kuchipatala pa Tifika, ndipo ana anayi anabadwira kumbuyo kwake, awiri mwa iwo n'kupatsidwa dzina lomwelo. Maliro nawo ankabwerera kwawo pa Tifika. Mfumu inalonjeza mudziwo ambulansi chaka chimene inalowa ufumu, ndipo pa nkhani imeneyi inali yokhulupirika, pakuti inkalonjezanso chaka chilichonse osaphonya.

Tifika inali ndi zaka makumi atatu kudza zisanu ndi chimodzi. Sitata inalibe, handibuleki inalibe. N'chifukwa chake Nangondo sankaimika galimoto pamalo athyathyathya. Ankafuna kamtunda, n'kuisiya m'giya, n'kudumpha msanga kukaika mwala kutayala lakumbuyo giyayo isanasinthe maganizo. Ponyamuka wina ankachotsa mwalawo, galimoto n'kuyamba kutsetsereka yokha, Nangondo n'kusiya kilatchi, injini n'kudzidzimuka.

Mwalawo sunali mwala wamba. Unali wakuda, wosalala, ndipo mbali imodzi unali ndi chibowo chimene tayala linakumba m'zaka zonsezo. Malemu amuna ake, a Binisoni, anautola pamtsinje wa Sambanimiyendo tsiku lomwe anagula galimotoyo, akukwera nayo kumudzi koyamba, Nangondo ali mkwatibwi wa miyezi iwiri. Chimwalirireni a Binisoni, Nangondo ankausunga kuseri kwa mpando, ndipo nthawi zonse pouika kutayala ankanena chapansipansi kuti, "Gwirani pamenepo, a Binisoni." Okwera matola anazolowera, ndipo palibe ankaseka.

Kalata inabwera Lolemba. Inati Tifika ikaonekere pa Khomolamawa Lachisanu kuti ikayesedwe ndi kusiyidwa komweko.

Nangondo anapita nayo kalatayo kuseri kwa msika, kumene a Sandifolo ankakonzera galimoto pansi pa mtengo wa mango. A Sandifolo anali mnzawo wa ponda apa nane ndipondepo wa a Binisoni, ndipo palibe dzanja lina linagwirapo sipanala pa Tifika kupatula lawo.

"Alamu, tawerengani nokha. Akufuna andidule miyendo, andidulire pamodzi ndi mudzi wonse," anatero Nangondo. "Anzanu mumzindamu akukalambitsa galimoto. Inu simungangotembenuza, yangayi ioneke yatsopano?"

A Sandifolo anaiyang'ana Tifika kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Alamu, ine ndine makaniko, zoukitsa akufa ndi za anthu ena. Penti ndingapake, koma ikangolira, ngakhale wogontha adziwa zaka zake."

Anapukuta manja pa ovolosi n'kuwerenga kalatayo, pamodzi ndi lamulo limene linalembedwa kuseri kwake. Anawerenga kawiri. Kenaka anayamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Akuti chamakedzana ndi chokhacho chimene chakhala ndi galimoto kuyambira tsiku loyamba. Alamu, pa galimoto iyi chilipo chimene sindinasinthe ine? Lachisanu tipitira limodzi. Musakaname ngakhale pang'ono. Anthu amenewa bodza analizolowera, chimene sadziwa chochita nacho ndi choonadi."

Lachisanu msewu wokwera ku Khomolamawa unali wodzaza ndi chuma cha makolo. China chinkakokedwa ndi ng'ombe, china chinkakankhidwa ndi akaidi. Lole ya kupolisi ija inabwera ndi papaya wake yemwe, akaidi akumudya panjira. Pa galimoto zonsezo, Tifika yokha ndi imene inakwera phirilo ndi mphamvu zake, ndipo alonda a pachipata anaiyang'ana mokayikira ngati munthu wobwera pamaliro akuimba mluzu. Nangondo anaimika pamene bwalo limayambira kutsetsereka, nadumpha, naika mwala wake.

Woyesa Wamkulu wa Galimoto Zamakedzana anali a Chidindo. Asanapatsidwe udindowu ankayang'anira mbendera za pa maofesi a boma, ndipo chiwongolero anali asanachigwirepo. Koma anali ndi chijasi choyera, kahamala, ndi galasi lokuzira zinthu, ndipo ku Zilibwino zimenezi n'zokwanira. Galimoto ya a Mphwayi anali atangoipambanitsa kumene, atainunkhiza m'kati n'kunena kuti fungo lake ndi la nthawi ya agogo a mfumu.

"Nambala 300, yomaliza," anatero a Chidindo akusuzumira m'kaundula. "Amayi, tsegulani boneti."

Nangondo anamasula mphira yomangira boneti. A Chidindo anagogoda injini ndi kahamala kawo n'kutchera khutu.

"Injini yeniyeni ya makedzana. Mukumva kulira kwakeko?"

"Pepani bwana," anatero a Sandifolo, chipewa chili m'manja. "Imeneyo ndinaichotsa mu lole ya amishoni imene inagubuduka chaka cha dzombe. Yoyamba ija inaphulika."

A Chidindo anafufuta zimene analemba. Anagwira chitseko.

"Chimenecho ndi cha minibasi, bwana. Chinacho ndinachita kusula ndekha, malata ake ndi a mgolo."

"Chiwongolero?"

"Cha thalakitala."

"Mpando?"

"Benchi la kutchalitchi, bwana. Abusa anatipatsa okha titanyamula belu lawo."

"Thanki ya mafuta ili kuti?"

A Sandifolo analoza chigubu chachikasu chomangidwa ndi mphira kuseri kwa mpando, kapaipi kakutuluka pakamwa pake. A Chidindo anavula magalasi, nawapukuta, nagwada kuti aone kunsi.

"Koma chesesi, chitsulo chachikulu chonyamula galimoto yonse, chimenecho ndiye simungasinthe."

"Chinathyoka katatu, bwana. Kutsogoloku ndi kwa basi, kumbuyoku ndi kwa ngolo, pakatipa ndi chitsulo cha mlatho chimene madzi osefukira anatibweretsera. Nambala ya galimotoyo musaivutikire, yoyamba inapita ndi madzi omwewo, iyi ndinalemba pa thireyi."

"Bambo inu, mukudziwa kuti kumangirira chitsulo chatsopano pa chuma cha makolo ndi mlandu?"

"Bwana, ine chibadwire chitsulo chatsopano sindinachigwirepo. Ndimangochimva pa wailesi."

Anthu amene anaunjikana kudzaonerera anayamba kusekera m'manja. A Chidindo anali thukuta kamukamu.

"Tsono galimoto imene yalembedwa m'kaundula muno ili kuti?"

"Inatha pang'onopang'ono, bwana," anayankha Nangondo, "ife tikuyendabe."

Apa a Sandifolo anali atayamba kale kuvala chipewa, akuganiza kuti nkhani yatha. Koma anaiwala chinthu chimodzi, kuti munthu wa boma akapanikizika saopa kulakwa, amaopa mzere wopanda kanthu. A Chidindo anatseka kaundula n'kutsitsa mawu.

"Amayi, ndimvereni. Wailesi yalengeza kale kuti mfumu ili ndi zamakedzana 300. Mfumu nayo yauza kale mafumu anzake. Ndikakanena kuti zilipo 299, mawa ineyo ndikhala ndikukankha malole pamodzi ndi akaidi awo. Nambala 300 siingakhale yopanda kanthu. Ngati palibe chimene chakhalapo kuyambira tsiku loyamba, ndingolemba zonsezi monga ziliri, thireyi ndi benchi lomwe, ndipo galimotoyi igona pano."

Anatulutsa chidindo chofiira m'thumba n'kuchiuzira mpweya.

Nangondo anasowa mtengo wogwira. Anaganiza za tomato amene anamusiya m'madengu pamphambano. Anaganiza za mkazi wa mphunzitsi wa ku Kusafikika, amene mimba yake inali itayamba kuoneka. Kenaka maso ake anatsikira kutayala lakumbuyo, ndipo anakhala pomwepo kanthawi. Zinamuwawa asanatsegule n'komwe pakamwa.

"Chilipo chimodzi, bwana."

A Sandifolo anatsatira maso akewo. "Alamu, ayi. Umenewo ayi."

"Alamu, musiyeni bwana agwire ntchito yake." Analoza pansi. "Mwala uwo. Amuna anga anautola tsiku lomwe galimotoyi inatuluka m'sitolo. Sunagonepo kutali nayo. Sunawotchereredwepo, sunapakidwepo penti. Mboni ndi mudzi wonse."

A Chidindo anagwadanso. Anauyang'ana ndi galasi lokuzira zinthu, nasisita chibowo chija ndi chala, naugogoda ndi kahamala. Nkhope yawo inayamba kuwala ngati ya munthu amene wapeza nsapato yake imene inasowa pamaliro.

"Uli ndi chitsulo chatsopano?"

"Ayi, bwana."

"Umanyamula anthu kapena mbuzi?"

"Ayi."

"Umayenda?"

"Sunayendepo wokha chibadwire."

"Amayi," anatero a Chidindo, "pa zonse zimene ndayesa sabata ino, palibe chimene chakhoza mayeso ngati ichi."

Analemba mofulumira. Nambala 300. Mtundu wa galimoto, mwala. Mtundu wa penti, wakuda. Chidindo chinagwa, phi! Kenaka anatembenukira kwa Tifika ndi nkhope ya munthu amene wangoiona kumene.

"Nanga zitsulo zotolatolazi zikutani pabwalo la mfumu? Zichoke msanga alendo asanazione."

"Dikirani ndikwere kaye, bwana, ndiye muuchotse."

Nangondo anakwera, a Sandifolo nakwera kumbuyo. A Chidindo anazula mwalawo ndi manja awo awiri n'kuufungatira pa chijasi choyera. Tifika inayamba kutsetsereka, ikulira zitsulo zokhazokha, ndipo itafika pachipata Nangondo anasiya kilatchi, injini ya amishoni n'kudzuka ndi chiutsi chimene chinatsokomoletsa alonda. Anthu anaimba nthungululu. Koma Nangondo sanacheuke. Anatsika phiri lonselo misozi ikutsika, akupukuta ndi nsonga ya chitenje, pakuti galimoto anaipulumutsa koma amuna ake anawasiya m'manja mwa boma.

Tsiku la perete palibe galimoto imene inayenda, ndipo zimenezo zinakondweretsa mfumu kwambiri. Mafumu achilendo anadutsa maambulansi ndi malole akuyasamula, koma atafika pa nambala 300 anaima, nafunsana, nayamba kujambula zithunzi. Mfumu ina inavomera kuti kwawo chinthu chotere kulibe. Basi, Ndilipobe Wachinayi chimwemwe chinadzaza tsaya. A Mphwayi analankhula maola awiri, kufotokoza kuti mwalawo ndiwo maziko a zamtengatenga m'dziko la Zilibwino, ndipo kumsika wa Tapirira anthu anavomereza kuti aka kanali koyamba nduna kunena zoona. Mpando wa Nangondo pafupi ndi mfumu unakhala wopanda munthu, pakuti mwini wake anali ndi wodwala panjira. Nduna ziwiri zinamenyana poulimbirana.

Lamulo lina linatuluka, loti mwalawo uyendere maboma onse kuti anthu akauone. Tsono chuma chotere sichingakwere galimoto wamba. Mwamwayi, mwezi womwewo abwenzi akunja anali atatumiza ambulansi yatsopano, pachitseko pake atalembapo kuti ndi ya anthu a ku Kusafikika. Nduna zinaona kuti ili ndi bedi, malamba omangira, ndi belu lochotsera anthu pamsewu. Mwala unagonekedwa pabedi, unafunditsidwa bulangete, ndipo a Chidindo anakhala pambali pake ngati namwino.

"Musadandaule," anatero mayi wa usipa uja ambulansiyo ikudutsa pamsika ikulira. "Wodwala ameneyo yekha ndiye sadzafera panjira."

Nangondo naye anayesa miyala ina. Wina unkaterereka, wina unkaphwanyika. Njerwa inangosanduka fumbi. Tsiku lina Tifika inauponda mwala watsopano ngati mbatata n'kupita yokha kukaima m'kati mwa mulu wa makala, ndipo wogulitsa makala uja anati sakwiya, chifukwa aka kanali koyamba galimoto kudzamugula makala yokha. Nangondo anaseka nawo, koma poika mwala kutayala sankanenanso kanthu.

Mvula itagwa, ulendo wa mwala unafika ku chigawo cha kumapiri. Mmawa wina Nangondo ankatsika kuchokera ku Kusafikika, kumbuyo atanyamula mkazi wa mphunzitsi uja, matenda atayamba, pamodzi ndi azimayi awiri omuperekeza ndi amuna angapo a tomato. Atafika pa chitunda chotsikira ku mtsinje wa Sambanimiyendo anapeza njira yatsekeka. Ambulansi yoyera inali itapingasa pamsewu, matayala akuzungulira m'matope, kumbuyo kwake kukusendera pang'onopang'ono kuphompho. A Chidindo anali panja, matope m'mawondo, chijasi chija chitasanduka chofiirira.

Anthu a ku Kusafikika anatsika n'kuizungulira ambulansiyo mwaulemu, akuwerenga dzina la mudzi wawo pachitseko.

"Yafikadi," anatero bambo wina. "Mfumu siinama. Yangotsala makilomita asanu ndi anayi."

"Amayi, tithandizeni!" anakuwa a Chidindo atamuzindikira Nangondo. "Chuma cha dziko chikupita kuphompho!"

Nangondo anakhalabe pa chiwongolero, phazi lili pa buleki, akuyang'ana chitundacho.

"Chingwe ndili nacho, bwana. Tingaimange ku galimoto yangayi kuti isapitirire, amunawa akumbe n'kuikankha. Koma Tifika siingagwire katundu wa galimoto ziwiri pamatope ano ndi mwala wamba. Tipita tonse kuphompho, ndi mayi uyu yemwe. Mwala umene ungagwire apa ndi umodzi wokha, ndipo wagona pabedi lanulo."

"Umenewo ndi woletsedwa kugwira ntchito! Lamulo likuti..."

Ambulansi inasendera chikhato china, miyala ing'onoing'ono n'kugubudukira kuphompho. A Chidindo sanamalize lamulolo. Analowa okha, namasula malamba, natuluka ndi mwalawo uli m'bulangete. Bambo wina anauika kutayala la Tifika, ndipo tayalalo linakhala m'chibowo chake ngati phazi mu nsapato yakale. Chingwe chinamangidwa, chinakungika, chinalira, koma Tifika sinasunthe ngakhale pang'ono. Amuna a tomato anakumba, anaika nthambi, anakankha akuimba, mpaka ambulansi inakwera pouma itatembenukira kumene inachokera.

Mmodzi wa azimayi operekeza aja anayandikira. "Bwana, poti mukubwerera kumzinda, simungamutenge mnzathuyu? Mwanumo muli bedi."

A Chidindo anachita manyazi pang'ono, tisawanamizire. Koma anayankha kuti bedilo lili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ali ndi chiphaso.

Nangondo anasiya Tifika m'giya, amuna atatu ataitsamira kutsogolo, natsika. Anazula mwala uja, umene tsopano unali matope okhaokha.

"Bwana, chuma cha mfumu sichingabwerere pabedi chili chonchi. Ndipatseni bulangetelo ndikautsuke kumtsinjeku."

Anatsikira ku Sambanimiyendo, kumene miyala yakuda yosalala ili mbwee m'mbali monse, nabisika kuseri kwa bango. Sanachedwe. Anabwera atanyamula bulangete m'manja, ndipo kumsana anali atabereka kanthu m'chitenje, monga amachitira mayi aliyense wochokera kumtsinje. A Chidindo anafunyulula bulangetelo, napeza mwala wakuda wonyezimira ndi madzi. Anatulutsa kahamala, naugogoda, natchera khutu.

"Ndi womwewo," anatero. "Kulira kwake sindingakusokoneze ndi kwa mwala wina uliwonse."

Anthu a ku Kusafikika onse anayang'ana kumwamba, kuona ngati mvula ibwerenso.

Mwala umene unabwerera ku Khomolamawa tsiku limenelo ulipo mpaka lero, m'bokosi lagalasi, msilikali ataima pambali pake. Akatswiri atazindikira kuti chibowo chija sichikuonekanso, analemba lipoti la masamba makumi asanu, lofotokoza kuti chinapola chifukwa cha chisamaliro chabwino cha boma. Nduna ya zaumoyo inalandira mendulo.

Tifika inafika kuchipatala dzuwa lili paliwombo, itatsalira kutali ndi belu la ambulansi. Nangondo anaimika pakamtunda pamene kale pankakhala maambulansi asanu ndi awiri aja. Azimayi anathamanga naye mkazi wa mphunzitsi kulowa m'kati, akukangana kale ngati mudzi ungakwanitse Tifika wachitatu. Nangondo anasiya galimoto m'giya, nadumpha, namasula chitenje cha kumsana chija. Anagwada pa tayala lakumbuyo, natembenuza mwalawo kuti chibowo chiyang'ane tayala, naukankhira m'malo mwake.

"Gwirani pamenepo, a Binisoni," anatero. "Ntchito ya boma mwaionako, basi yakwana."